Ku Sossusvlei mu Disembala mungapite, koma osati momwe mwakonzeramo

Funso lanu achimwene linali lakuti: "Tilipo anayi, tikufuna kubwereka kagalimoto kakang'ono ku Windhoek mu Disembala, tikagone m'matenti ku Sesriem masiku atatu, tikakwere mulu waukulu wa mchenga uja wa Big Daddy komanso tikayende wapansi kumapiri a Naukluft. Tonse ndife olimba, timathamanga m'mawa uliwonse. Zitheka? Nanga tinyamule chani?"

Zitheka ndithu, anthu amapita ku Sossusvlei, dera la milu ya mchenga la m'chipululu cha Namib ku Namibia, mu Disembala momwemo nkubwerako bwinobwino. Koma mawu oti "ndife olimba" aja ndi amene andidetsa nkhawa pa funso lonseli, chifukwa anthu amene ndawaonapo akuvutika kuchipululu nthawi zambiri sakhala agogo kapena ana ayi, amakhala anyamata amphamvu ngati inuyo. Agogo amadziwa kuti atopa nde amabwerera msanga, pomwe wamphamvu amadzuka mochedwa, amanyamula kabotolo kamodzi, amapita kutali chifukwa miyendo ikulola, kenako dzuwa likamukwana amapezeka kuti ali pakati penipeni, kutsogolo kutali kumbuyonso kutali. Ku Namib chimene chimalamula ndi wotchi. Mwapita mwezi wanji, mwanyamuka nthawi yanji, mwabwerera nthawi yanji, basi. Minofu imabwera pambuyo.

Disembala kumeneko ndi pakati pa chilimwe. Masana kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo umenewo ndi mpweya chabe, mchenga umene mukupondawo umatentha kuposa pamenepo moti munthu wovala masilipasi amatuluka matuza. Kuti muone kuti sindikukokomeza, taonani zomwe amachita kummwera kwa dziko lomwelo ku Fish River Canyon: ulendo wapansi wa masiku angapo wa m'chigwa chimene chija amangoulola kuyambira mu Meyi mpaka pakati pa Sepitembala, komanso amafuna kalata ya dokotala, miyezi yotsalayo ngotseka chifukwa cha kutentha ndi madzi osefukira. Ku Sossusvlei satseka, koma dzuwa lake ndi lomwelo. Ngati tchuthi chanu chingasunthike, pitani pakati pa Meyi ndi Sepitembala, masana kumakhala kofunda bwino ngakhale usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka pafupi ndi madigiri 0. Ngati sichingasunthike, chabwino, pitani, koma muvomereze kuti tsiku lanu lizikhala la zigawo ziwiri, mbandakucha mpaka cha m'ma 10 koloko, kenako madzulo dzuwa likapendeka. Pakatipo ndi pogona pamthunzi ngati nyama zakomweko.

Tsopano za galimoto, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa gawo loopsa kwambiri pa ulendo wonsewu si phiri la mchenga ayi, ndi msewu. Kuchoka ku Windhoek kukafika ku Sesriem ndi makilomita opitirira pang'ono 300, munthu ukayang'ana pa mapu umati aaa maola atatu ndafika, koma zoona zake ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Phula limakutengani pa B1 mpaka ku Rehoboth, mukangokhota kulowa C24 ndi miyala ndi fumbi basi. Misewu yamiyala ya ku Namibia imapusitsa chifukwa ndi yotambalala, yowongoka, ndipo mutha kuyenda theka la ola osakumana ndi galimoto ina, nde phazi limangolemera lokha pa mafuta osadziwa. Vuto ndi loti matayala sakugwira pansi ngati pa phula, akuyandama pa timiyala, ndipo pena msewu umakhala ndi mizeremizere ngati malata moti galimoto imangonjenjemera. Mukafika pokhota muli pa 110, kumbuyo kwa galimoto kumayamba kutsetsereka, woyendetsa amadzidzimuka nkuponda buleki mwamphamvu kwinaku akupotoza chiwongolero, galimoto nkugubuduzika. Ngozi zambiri za alendo kumeneko zimachitika choncho, galimoto imodzi yokha, popanda yogundana nayo, masana kukuwala.

Makampani ambiri obwereketsa magalimoto amakuuzani kuti pamiyala musapitirire 80, ndipo ambiri amaika kachipangizo kojambula liwiro moti mukachita ngozi mutapitirira inshuwalansi imakukanani. Ine ndimati 60 mpaka 70 kwa munthu amene sanazolowere. Chepetsani liwiro musanafike pokhota osati muli kale mkati mwake, tayala likagwera m'mphepete musalibweze mwaphuma, chotsani phazi pa mafuta muilole galimoto ichepetse yokha. Kukabwera galimoto kutsogolo chepetsaninso, miyala imene imadumpha ija ndi imene imaswa galasi, ndipo muyatse magetsi olo ali masana kuti akuoneni m'fumbimo. Palinso malo amene msewu umatsika mwadzidzidzi kuwoloka mtsinje wouma, pansi pake pamakhala mchenga wofewa. Usiku musayende ndi pang'ono pomwe, ngoma ndi njiri zimadumphira mumsewu kukamada, ndipo mapepala ambiri obwerekera galimoto amaletsa kale zimenezo.

Kagalimoto kakang'ono kangafike ku Sesriem? Kamafika, ndaziwonapo. Koma anthu anayi, matenti, zigubu za madzi, zakudya, zonsezo pa kagalimoto kotsika ka matayala opyapyala, mukhala mukukhula pansi ndi kupemphera njira yonse. Ndalama imene mupulumutse pobwereka mukailipira pa matayala. Ngati thumba likulola tengani yokwera, olo isakhale 4x4 bola ikhale ndi mpata pansi ndi matayala olimba. Funsani sipeya ziwiri. Ine ndinaphunzira movutika, ulendo wina ndinabwereka galimoto ya sipeya imodzi ndipo sindinayang'ane nkomwe jeke ndisananyamuke, tayala loyamba linaphulika titangodutsa Solitaire, tinasintha movutikira chifukwa jekeyo imangomira m'nthaka mpaka tinachita kuikira mwala wafulati pansi, tisanayende ndi makilomita 30 omwe lachiwiri nalo linapita. Tinakhala pamenepo maola atatu kudikira munthu wodutsa, netiweki kulibe. Chimene chinatipulumutsa nchakuti madzi tinali nawo ambiri ndipo palibe amene anaganiza zoyamba kuyenda wapansi. Zimenezi muzisunge: galimoto ikafa khalani pa galimotopo. Ili ndi mthunzi, ili ndi madzi, ndipo imaoneka patali kusiyana ndi munthu. Nde musanachoke pamalo obwerekera paja, tulutsani jeke ndi sipanala muyese kumasula nati imodzi, muone ngati pali pampu ndi geji yoyezera mpweya, muwerengenso bwino ngati inshuwalansiyo ikuphatikiza matayala ndi galasi chifukwa nthawi zambiri sizikhalamo.

Panjira mudzasankha potsikira kuchoka kumtunda kupita kuchipululu. Spreetshoogte Pass ndi yokongola zedi, mukaima pamwamba mumaona chipululu chonse chitayalidwa pansi panu, koma ndi yotsetsereka kwambiri, imatsika pafupifupi mamita 1,000 pa mtunda wa makilomita 4 okha. Tsikani ndi giya yoyamba kapena yachiwiri, musadalire mabuleki okha chifukwa akatentha amasiya kugwira. Woyendetsa akakhala wamantha dutsani Remhoogte, ndi yofatsa. Mafuta thirani paliponse mwawapeza, ku Rehoboth, ku Solitaire, ku Sesriem, olo thanki ili theka. Ndipo munyamuleko ndalama ya m'manja, dola ya Namibia kapena randi ya South Africa zonse zimayenda mofanana, chifukwa makina a khadi kumidzi kuja pena amakana netiweki ikagwa.

Chinthu chimodzi chimene mwachita bwino kwambiri ndi kusankha kugona ku Sesriem, bola kampu yake ikhale ya mkati ija ya Namibia Wildlife Resorts, ndipo mubuke msanga chifukwa malo ndi ochepa. Chifukwa chake ndi ichi: pali mageti awiri olowera m'paki ya Namib-Naukluft, momwe muli Sossusvlei. Lakunja limatsegulidwa dzuwa likatuluka nkutsekedwa likalowa, pomwe lamkati limatsegulidwa ola limodzi dzuwa lisanatuluke nkutsekedwa ola limodzi litalowa. Ogona mkati amangodikira geti lamkatilo. Ola limenelo m'nyengo yozizira ndi la zithunzi zokongola chabe, koma mu Disembala ndi limene limasiyanitsa ulendo wokoma ndi wozunzika. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, nde cha m'ma 5 muyenera kukhala muli pa mzere pa geti, tiyi mutamwa kale, mabotolo mutadzaza usiku. Chilolezo cholowera m'paki mulipiretu dzulo lake ku ofesi ya pa Sesriem pomwepo, musamayambe kusaka chenji m'mawa.

Kuchoka pa geti ndi makilomita ngati 60 a phula labwino, liwiro lololedwa ndi 60, ndipo lisungeni chifukwa nthawi imeneyo ma oryx, nyama za nyanga zazitali zowongoka zimene zili pa chizindikiro cha dziko la Namibia zija, ndi nthiwatiwa zimakhala zikuwoloka. Pa kilomita 45 pali mulu wina wa mchenga wotchedwa Dune 45, dzinalo linachokera pa mtunda womwewo. Aliyense amaima pamenepo. Inu tsiku la Big Daddy musaime, mudutse, mudzaikwera tsiku lina. Phula likatha pali poimika magalimoto wamba, ndipo makilomita ngati 5 otsalawo ndi mchenga wakuya wofuna 4x4 yeniyeni ndi munthu wodziwa: kuchepetsa mpweya m'matayala mpaka cha m'ma 1.5 bar, kuyenda ndi giya yotsika, osaima pofewa, ndipo mukatitimira osaponda mafuta chifukwa mumangodzikumbira dzenje. M'mawa uliwonse pamakhala wina wotitimira pamenepo anzake akukankha thukuta lili kamukamu. Langizo langa ndi loti siyani galimoto mukwere shato ya pomwepo, galimoto yonyamula alendo kudutsa mchengawo, manyazi palibe, ndipo mufunse kuti yomaliza imabwerera nthawi yanji.

Big Daddy ndi wamtali pafupifupi mamita 325. Pa manambala sizikumveka zambiri kwa anthu othamanga, koma mchenga si phiri lamiyala, mukaponda masitepe atatu limodzi limabwerera pansi. Anthu ambiri amatenga ola limodzi mpaka awiri. Yendani pamsana penipeni pa muluwo pamene mchenga uli wolimbako, pondani m'mapazi a amene ali kutsogolo, masitepe aafupiafupi, ndipo muzisinthana wotsogolera chifukwa woyambayo ndi amene amatopa kwambiri. M'mawa kwambiri mchenga umakhala wozizira komanso wogwirana, ena amakwera ndi sokosi zokha nsapato zili m'chikwama ndipo zimathandizadi, koma nsapato zotseka zikhale nanu chifukwa pofika 9 koloko simungapondenso. Ikani lamulo musanayambe, loti ikakwana 8:30 tisanafike pamwamba tibwerera, ndipo mugwirizane muli pansi mitu ili yozizira, chifukwa mukakhala pamtunda nsonga imaoneka ngati ili pafupi nthawi zonse.

Kutsika ndiye kokoma. Mumatsetsereka molunjika kumbali yotsetsereka ija, mapazi akumira mpaka m'akakolo, mchenga ukulira pansi panu ngati ng'oma yakutali, mphindi zochepa mwafika pansi pa Deadvlei, chigwa cha dothi loyera chokhala ndi mitengo youma. Koma apa ndi pamene anthu amapusitsika, amaganiza kuti ulendo watha nde amamaliza madzi pamwamba posangalala. Mukatsika mumagwera kumapeto kwa chigwa choyera chija, muyenera kuchidutsa chonse, dothi loyeralo likukubwezerani dzuwa kumaso, mphepo kulibe chifukwa milu yazungulira mbali zonse, kenako pali kilomita inanso ya mchenga kuti mukafike poimika magalimoto. Theka la madzi anu likhale lilipo pamene mukuyamba kutsika.

Deadvlei payokha ndi malo oti munthu umangoti kakasi. Kale mtsinje wa Tsauchab unkafika pamenepo, mitengo ya minga nkumera, kenako milu ya mchenga inatseka njira ya madzi mitengo ija nkufa zaka mazana angapo zapitazo, koma chifukwa kulibe chinyezi choti iwole idakaimabe, yakuda ngati makala, pansi poyera, kumbuyo kofiira. Musaikhudze kapena kuikwera pojambulitsa, nzoletsedwa ndipo nthambi ikathyoka palibe inanso imene idzamere. Kufiira kwa mchengawo ndi dzimbiri la chitsulo chimene chili pa timchengato, ndipo mchenga wambiri unachokera kutali, mtsinje wa Orange unautengera ku nyanja ya Atlantic, mafunde nkuukankhira kumpoto, mphepo nkuubweza kumtunda. Nyanja yomweyo ndi imene imaumitsa chipululuchi, madzi ozizira a Benguela salola mitambo ya mvula kupangika, amangotumiza nkhungu, ndipo tizilombo tina takomweko timamwa nkhungu yomweyo, timaima chazondoka pamwamba pa mulu madontho nkumatsikira kukamwa. Dera la mchengali UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2013 pa dzina la Namib Sand Sea, ndipo paki yonse ya Namib-Naukluft ndi pafupifupi masikweya kilomita 50,000, nde zimene mukaone masiku atatuwo ndi kachidutswa chabe.

Za madzi tiwerengere limodzi. Munthu akamakwera pamalo otentha amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, pena kuposa, ndipo choipa kuchipululu nchakuti thukutalo limauma pompopompo, malaya amakhala ouma nde umaganiza kuti sukutuluka thukuta. Pa Big Daddy aliyense anyamule malita 3 pamsana pake, osati munthu mmodzi kunyamulira gulu. Pa tsiku lonse werengerani malita 6 pa munthu akumwa okha, anthu anayi ndi malita 24 pa tsiku. Pa kampu mipopi ilipo ndi kashopu komwe, koma m'galimoto muzikhala chigubu cha malita 20 chimene simuchikhudza, cha tsiku la tsoka ngati langa lija. Ndipo madziwo agaweni m'zigubu zingapo chifukwa chimodzi chikabooka ndi kugwedezeka kwa msewu musataye onse.

Muyambe kumwa usiku wake, osadikira ludzu. Njira yosavuta yodziwira ngati mukumwa mokwanira ndi mkodzo, ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri ndiye kuti muli m'mbuyo. Koma palinso mbali ina imene anthu othamanga ngati inu muyenera kuidziwa, kumwa madzi okhaokha ambirimbiri osadya kanthu kumasungunula mchere wa m'magazi, munthu amayamba mutu, nseru, kusokonezeka, ndipo anzake poganiza kuti ndi ludzu amamuwonjezera madzi nkumuipitsiratu. Choncho muzidya tinthu ta mchere panjira, munyamulenso mapaketi a ORS. Akatha mutha kupanga nokha, lita imodzi ya madzi, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mowa usiku woti mawa mukukwera usiyeni, mudzamwa mukatsika.

Muziyang'anana. Wina akayamba chizungulire, kufooka, mutu, kukokana kwa minofu, muimitseni, mumupangire mthunzi olo ndi nsalu, amwe pang'onopang'ono, mumunyowetse, ulendo wa tsikulo wathera pomwepo kwa nonse. Koma akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira ngati woledzera, kukwiya popanda chifukwa kapena kukomoka, imeneyo ndi nkhani ina, thupi latentha mopitirira ndipo munthu amatha kufa. Musadikire kuti thukuta lisiye kaye ayi, ena amakhala akutulukabe thukuta. Muziziritseni nthawi yomweyo ndi chilichonse muli nacho, madzi thupi lonse, kumukupiza, ayezi wa m'bokosi lozizira m'khosi ndi m'khwapa, osamumwetsa ngati sakudziwa bwino chimene chikuchitika, wina athamangire kwa oyendetsa shato kapena ogwira ntchito m'paki. Chipatala chachikulu chili maola ambiri kuchokera pamenepo, nde zimene muchite mphindi zoyambirira ndi zimene zimawerengedwa. Nchifukwa chakenso ndimati inshuwalansi ya ulendo ikhale yoti imalipira ndege yonyamula wodwala.

Zovala sindichulukitsa: malaya a manja aatali opepuka, chipewa cha khonde lalikulu osati kapusi, magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu ndi milomo. Khungu lakuda nalonso limapsa kumeneko, musanamizidwe.

Naukluft ndi dziko lina ngakhale ili m'paki yomweyo, ndi mapiri amiyala ndi zigwa zokhala ndi akasupe, ndipo kuchokera ku Sesriem ndi maola ngati awiri pagalimoto. Apa pulani yanu ndikuikana pang'ono. Simungagone ku Sesriem, kudzuka, kuyendetsa maola awiri nkuyamba kuyenda 9 koloko mu Disembala. Mukagone ku kampu ya ku Naukluft komweko usiku umodzi kuti muyambe kukungocha. Njira za tsiku limodzi zilipo ziwiri, Olive Trail ya makilomita 10 ndi Waterkloof ya makilomita 17. Waterkloof imatenga maola 6 kapena 7 ndipo chigawo chokwera chimakupezani dzuwa lili pamutu, mwezi umenewu ine sindingakulimbikitseni, koma mutha kungoyenda chigawo choyambirira mpaka pa maiwe osambira nkubwerera. Olive ndi ya maola 4 kapena 5, mumayamba ndi kukwera kukadali kozizira kenako mumatsikira m'chigwa chopapatiza, ndipo chakumapeto pali malo amene mumadutsa pakhoma la mwala mutagwira tcheni pansi pali dziwe. Si patali, koma ngati pagulu panu pali woopa malo okwera mumuuziretu, chifukwa kubwerera kuchokera pamenepo ndi ulendo wonse. Mukakhala ndi mwayi muona mbidzi za m'mapiri za Hartmann. Lembetsani ku ofesi musananyamuke kuti adziwe kuti muli m'njira, ndipo mapu muwatsitsiretu pa foni chifukwa netiweki musaiyembekezere.

Disembala ndi nthawinso imene mvula imatha kuyamba kumapiri. Zoti kuchipululu munthu angakokoloke ndi madzi zimamveka ngati nthabwala, koma mvula imatha kugwa kutali inu muli padzuwa, madzi nkubwera m'chigwa chouma ngati khoma. Zaka za mvula yambiri ngati 2011 ndi 2021 Tsauchab unayenda mpaka kudzaza Sossusvlei. Nde mukaona mitambo yakuda kumapiri kapena kumva mabingu musalowe m'chigwa chopapatiza, kaya ndi Olive kaya ndi Sesriem Canyon, ndipo tenti kapena galimoto musaimike mumtsinje wouma olo mchenga wake uoneke wofewa bwanji. Sesriem Canyon ija ili makilomita ngati 4 kuchokera pa kampu, ndi yakuya mpaka mamita 30 ndipo pansi pake pamakhala mthunzi, nde ndi yabwino madzulo a tsiku lofika. Dzinalo ndi la Chiafrikaans, limatanthauza zingwe zisanu ndi chimodzi zachikopa, zimene apaulendo akale ankalumikiza kuti chidebe chifike pa madzi.

Pa kampu zovuta zake ndi zazing'onozing'ono koma zimatha kukuonongerani tulo. Madzulo kumabwera mphepo yamphamvu, ndipo zikhomo za tenti mumchenga sizigwira, mangirirani zingwe ku miyala kapena ku galimoto, apo ayi kwirirani thumba lodzaza mchenga nkumangapo. Ndinaonapo tenti ikugubuduzika yokha kudutsa kampu yonse eni ake ali kosambira kkkk. Musanayale sesani pansi, mitengo yamthunzi ija ili ndi minga zoboola matiresi opopa. Mukaona chisa chachikulu ngati denga laudzu mumtengo, ndi cha timbalame tokhala pagulu, chiyang'aneni koma tenti musaiike pansi pake, njoka zimakonda kukwera kukasaka mazira. Zipi ya tenti izikhala yotseka nthawi zonse, usiku osayenda opanda nsapato ndi tochi, m'mawa kutumulani nsapato musanavale. Zinkhanira zakumeneko lamulo lake ndi loti ya mchira wonenepa ndi zopanira zazing'ono ndiye yoopsa, ndipo zimayendayenda kwambiri usiku wofunda wa mphepo. Ikaluma munthu, makamaka mwana, musacheke kapena kuyamwa, mupite naye kwa achipatala. Nkhandwe zimabwera usiku kudzaba chilichonse, ndi nsapato zomwe, ndipo ku Naukluft anyani amadziwa kutsegula mabokosi, nde zakudya zizigona m'galimoto yokiya. Nkhuni gulani, kutola m'paki nkoletsedwa, chimodzimodzi kuyendetsa galimoto kunja kwa msewu ndi kuulutsa droni popanda chilolezo. Matayala akaponda pa chigwa chamiyala mzere wake umakhalapo zaka zambirimbiri.

Usiku zimitsani magetsi onse kwa kanthawi muyang'ane kumwamba. Malo oyandikana nawo a NamibRand anavomerezedwa mu 2012 kukhala amodzi mwa malo a mdima weniweni osungidwira kuonera nyenyezi, ndipo thambo la ku Sesriem ndi lomwelo. Ngati masiku mungasankhe, yang'anani kalendala mupite mwezi uli mu mdima.

Ndikanakhala ine ndikanawonjezera usiku umodzi nkuyala motere. Tsiku loyamba kunyamuka ku Windhoek isanakwane 8 koloko, zogula zonse mutagula dzulo lake, kufika ku Sesriem masana, madzulo ku Sesriem Canyon. Tsiku lachiwiri Big Daddy ndi Deadvlei mbandakucha, masana kugona, madzulo Elim Dune imene ili pafupi ndi kampu. Tsiku lachitatu Dune 45 m'mawa mosathamanga, kenako kupasula matenti nkusamukira ku Naukluft dzuwa likadalipo. Tsiku lachinayi Olive Trail kukungocha. Pobwerera musayike ndege yanu tsiku lomwelo, ndipo woyendetsa asakhale amene watopa kwambiri ndi phiri, muzisinthana maola awiri aliwonse, zomwe zikutanthauza kuti pobwereka paja mulembetse oyendetsa osachepera awiri, chifukwa amene sanalembedwe akachita ngozi inshuwalansi silipira.